Mwezi wa m'Paipi

Mangochi Boma
6 Epulo

Okondedwa Achemwali a Tatu,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Ababa, alamu ndi ana. Ine ndili moyo, koma mwendo wamanja uli m'chikhakha mpaka m'bondo. Ena akakuuzani adzathira mchere, choncho ndinene ndekha. Ndimapita ku mzikiti m'mamawa, maso ali kumwamba, chifukwa sabata imeneyo Jupita ndi mapulaneti ena awiri anandandalikana kum'mawa ngati anthu odikira minibasi. Ndinagwera m'ngalande ya pamsika. Mphunzitsi wa jogalafe, wodziwa mtunda wa pakati pa dziko ndi Jupita, sanadziwe mtunda wa pakati pa phazi lake ndi ngalande. Wakabaza amene ananditola anayamba wandinunkhiza pakamwa. Adokotala ati masabata asanu ndi atatu, ndiye Ramadani ndi Idi ya chaka chino ndidzazidyera pampando.

Gaspar wa lole wandiuza kuti akuluakulu a mzikiti wathu ayamba kunong'ona zoti Ababa asiye ntchito yoona mwezi woyambira ndi wothetsera kusala, aipereke kwa Che Yasini. Nkhaniyi ndaiganizira mofatsa. Ababa akhala akuonera mudzi wathu mwezi zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma zaka zitatu zapitazi woyamba kuuona wakhala wina. Vuto ndi ng'ala, ndipo mankhwala a ng'ala ndi opaleshoni ya theka la ola. Izi ndawauza kasanu, kasanu konse anandifunsa ngati ndadya.

Popeza mpeni akuukana, ndikutumiza telesikopu yanga kudzera kwa Gaspar yemweyo. Imasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa diso, choncho diso lofooka lidzapeza chimene lakhala likuphonya. Malamulo ndi atatu. Musailozetse kudzuwa ngakhale kamodzi. Musapukute galasi ndi chitenje. Chachitatu, Ababa ayambe kuzolowera Ramadani isanafike: madzulo aliwonse, dzuwa likangolowa, aloze nyenyezi yowala kwambiri ya kumadzulo ija, apotoze kachitsulo ka m'mbali mpaka ioneke bwino. Nyenyezi imeneyo siphonyeka. Amene waiphunzirira pa iyo, mwezi sungamuvute.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imagwira mukakwera pachulu pokha, komanso Ababa sakhulupirira mawu amene sangawapinde n'kuwaika m'thumba. Muwawerengere kawiri. Mundiuze mmene ailandirira.

Ndine mlongo wanu,
Swadick

Makanjira
27 Epulo

Swadick,

Waaleikum salamu. Kuno tonse tili bwino, miyendo yathu yonse ili m'malo mwake, chifukwa ife tikamayenda timayang'ana pansi ngati mbuli. Alamu ako akuti pepa. Anaseka kaye, kenako n'kunena pepayo.

Chipaipi chako chinafika. Ababa atachiona anati, "Mwana uja wanditumizira mfuti?" Ndinawawerengera kalata kawiri monga unanenera. Nditafika pa mawu a opaleshoni anapita kukamwa madzi. Masiku awiri sanachikhudze, chinangokhala pambali pa makina awo osokera, atachifunditsa nsalu ya munthu wina yosokera diresi. Tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri kwa khitchini atachiimika okha, miyendo itatu ija iliyonse kutalika kwake. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse amakhala kumeneko ndi nyenyezi yakoyo. Salola munthu kusuzumira. Ine amene ndimachinyamula sindinaikepo diso.

Koma za mwezi woyambira kusala sizinayende. Tinakwera pachitunda cha kuseri kwa mzikiti monga mwa nthawi zonse. Ababa anazunguza paipi uku ndi uku, thukuta kamukamu, osapeza kanthu. Che Yasini anangoima manja ali kumbuyo, n'kuti, "Si uwo apo, pamwamba pa mtengo wa mgwalangwa?" Anthu awiri anavomereza, nkhani n'kutha. Pobwerera wina anafunsa Ababa ngati mfuti yawo inali ndi zipolopolo.

Akuluakulu anabwera kunyumba Lamlungu. Analankhula mwaulemu, anamwa nafe phala pomasula kusala. Akuti mwezi wa Idi ukaonedwanso ndi wina, ntchito apereke. Ukudziwa kuti kuno wailesi ikanena timamva ndithu, koma timadikira diso la munthu wakwathu ndi mboni ziwiri. Ababa akatuluka pa ntchito imeneyi atsala telala wosaona bowo la singano, ndipo ndimawalowetsera ulusi ndine, anthu asakuona. Usiku umenewo sanadye.

Gaspar akamabwera utumize shuga, zipatso za tende ngati zapezeka, ndi ulusi woyera. Malangizo usatumize, akadalipo ambiri.

Ndine,
Tatu

Mangochi Boma
14 Meyi

Achemwali,

Moni nonse. Shuga ndi ulusi ndi izi, tende zasowa. Kalata ino muiwerenge musanamasule katundu, ndipo muwawerengere Ababa lero lomwe.

Ndalakwitsa chinthu chimene mwana wa Fomu 1 ndikanamuchotsera malikisi. Nyenyezi imene ndinati Ababa aziphunzirirapo si nyenyezi. Ndi pulaneti, dzina lake Venasi, yomwe ija imatchedwa Nthanda ikamatuluka m'mamawa. Ilibe kuwala kwakekwake, imawalitsidwa ndi dzuwa mbali imodzi monga mwezi. Pamene ndimalemba kalata yoyamba inkaoneka ngati kampira kodulidwa pakati. Masabata ano ikulowa pakati pa ife ndi dzuwa, ndiye ikukula m'maonekedwe koma mbali yowala ikuwonda tsiku ndi tsiku. Ndi maso chabe imakhalabe kadontho kowala. M'telesikopu, sabata yamawa, idzaoneka ngati chikwakwa chopyapyala cha nyanga ziwiri. Kunena mwachidule, idzafanana ndi mwezi watsopano kuposa mmene mwezi watsopano umadzifananira.

Izi ndakhala ndikuphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri. Ndimajambula pabolodi ndi choko cha mitundu iwiri. Ndazikumbukira dzulo pamene ndimakanda m'chikhakha ndi rula.

Tsopano mvetsani manambala. Inu munayamba kusala pa 24 Epulo, choncho tsiku la 29 ndi pa 22 Meyi. Madzulo a tsiku limenelo mwezi sungaoneke, ngakhale kwa Che Yasini, ngakhale kwa munthu wokhala ndi telesikopu yaikulu ngati lole ya Gaspar. Dzuwa lidzalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo mwezi udzabadwa patapita maola awiri. Chinthu chosabadwa sichioneka. Chilichonse cha nyanga chimene chidzapezeke m'paipimo tsiku limenelo ndi Venasi. Musale masiku makumi atatu, mwezi weniweni muufune madzulo a pa 23, pafupi ndi pamene dzuwa lalowera.

Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: chotsani diso pagalasi, yang'anani kumene paipi yaloza. Mukaona nyenyezi, ndi nyenyezi.

Ndayesa foni yanu kasanu ndi kawiri. Kwerani pachulu mundiimbire, ndimve kuti mwalandira.

Swadick

Makanjira
26 Meyi

Aphunzitsi,

Idi Mubaraka. Kuno tadya Idi ziwiri, ndiye landira kawiri.

Kalata yako ya pa 14 yafika dzana. Lole ya Gaspar inathyoka chitsulo cha kumatayala pa mlatho wina wa m'njira, inakhala pamenepo masiku asanu ndi anayi. Shuga anamwera tiyi iye ndi anzake podikira makaniko, akuti adzagula wina. Kalata anaisunga bwino kwambiri. Foni yanga ili kwa okonza kuyambira sabata yoyamba ya kusala, inagwera m'ndowa. Kalatayo ndi yomveka, palibe pamene ndinakakamira. Ikanafika pa nthawi yake bwenzi mbuzi zinayi zili moyo.

Zinayenda motere. Pa 22 tinakwera pachitunda, anthu ochuluka kuposa chaka chilichonse, chifukwa onse amadziwa kuti ndi tsiku la mlandu wa Ababa. Iwo anavala mkanjo woyera uja anausoka okha maso akadali bwino. Anaimika paipi, anayang'ana nthawi yaitali. Ndiye Che Mdala Amini, wa komiti ya mzikiti, anati kwa Ababa, "Che Omari, tapatukani tionepo nafe, mwina mfutiyi ikufuna diso lina." Anawerama. Anadzuka. Anaweramanso. Kenako anati, "Allahu Akbar, mwezi uli m'menemu."

Anthu anapanga mzere ngati pachigayo. Aliyense woika diso amadzuka akumwetulira. Inenso ndinaona, Swadick, ndipo usandiuze za choko chako cha mitundu iwiri: unali mwezi, woyera, wopyapyala, nyanga zake zakuthwa. Mboni zimafunika ziwiri, tinapeza makumi anayi. Che Yasini yekha ndiye anati, "Ine kumeneko ndikuonako nyenyezi basi." Mayi wina anamuyankha kuti, "Nsanje imatseka maso, Che Yasini, pitani nanunso ku opaleshoni." Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ababa anawanyamula m'mwamba. Ine ndinalira, ndisabise.

M'mawa mwake tinaswali, mapemphero a Idi. Mpunga unaphikidwa, mbuzi zinagwa. Cha m'ma 10 anthu a mudzi woyandikana nawo, amene tinayamba nawo kusala tsiku limodzi, anadutsa pamsewu milomo ili gwa ndi ludzu, n'kutipeza tikutafuna. Anaima n'kumatiyang'ana ngati tavula. Wailesi nayo inati mwezi sunaoneke kulikonse. Madzulo ake, tili okhuta, Che Yasini anatiitana panja n'kutilozera mwezi weniweni, wa tsiku limodzi, uli pansi, ndipo nyenyezi yako ili pambali pake phee, ngati si iyo.

Ashehe alamula kuti mudzi wonse ubweze tsiku limodzi. Dzulo m'mawa Ababa anapita okha ku komiti, anakana kuti ndiwaperekeze. Chimene anakanena sindikudziwa. Ntchito tsopano ili ndi Che Yasini. Kumsika akunditchula mlongo wake wa mwini mwezi. Ana ayamba kale nyimbo, sindikulembera mawu ake chifukwa dzina lako lilimo ndipo likugwirizana bwino ndi kayimbidwe.

Ababa akudya pang'ono. Sakutchula dzina lako, kwabwino kapena koipa. Kalata yako ndinawawerengera kamodzi, nditati ndibwereze anati kamodzi kakwana.

Tatu

Mangochi Boma
29 Meyi

Okondedwa Ababa,

Asalamu aleikum. Ndikufunsa za moyo wanu, ngakhale ndikudziwa kuti amene wausokoneza ndine.

Ndaiyala nkhani yonse monga ndimachitira ndi mayeso a ana, kufuna kuona pamene cholakwa chinalowera. Sichinalowere pa lole ya Gaspar, kapena pa ndowa ya Achemwali. Chinalowera pa 6 Epulo, pa lamulo langa lachitatu. Kumwamba kuli nyenyezi zikwi zingapo zooneka ndi maso. Mwa zonsezo, yowala yotha kudzisandutsa mwezi m'telesikopu yanga inali imodzi, ndipo ine ndinasankha yomweyo n'kukuuzani kuti muziiyang'ana tsiku ndi tsiku. Munthu wofuna kukutcherani msampha mwadala sakanaposa pamenepa. Ndinakupatsani chida popanda chidziwitso chake, chonsecho pa Fomu 3 ndimaphunzitsa mutu wonse wa kuopsa kwa zimenezi.

Inu munachita chimene munthu aliyense woona mtima akanachita: munaona chikwakwa, anthu makumi anayi anaona chikwakwa. Wolakwa ndi amene amadziwa kuti zikwakwa zilipo ziwiri.

Chikhakha achotsa pa 5 Juni. Ndikwera lole yoyamba, ndi ndodo zanga, ndidzaime pamaso pa komiti Lachisanu, tsiku la Ijumaa. Ndakonza kale zojambula zitatu ndi tochi, ndi malalanje awiri oimira Venasi ndi mwezi. Ndidzawaonetsa kuti diso lililonse likananyengeka, ndi kuti mlandu ndi wanga. Ndidzapempha kuti akubwezereni ntchito. Tsiku lobweza ndasala kale dzulo, ngakhale ine Idi ndinadya pa tsiku lake. Achemwali anena kuti zimenezo n'zopanda nzeru, ndipo mwa malamulo akhala akunena zoona.

Ndikhululukireni.

Mwana wanu,
Swadick

Makanjira
3 Juni

Mwana wanga Swadick,

Waaleikum salamu. Ndili bwino. Kalata ino ndalemba ndekha, n'chifukwa chake zilembo zili zazikulu ngati za pa sitolo ndipo mizere ikutsetsereka. Sindinafune kuti idutse m'manja mwa Tatu. Yako anandiwerengera ndi iye, pa malalanje anaima kaye kuti apume.

Usabwere ndi malalanje. Mvera.

Nyenyezi ija ndinayamba kuiyang'ana pa 13 Epulo. Diso lamanzere likadali ndi kachiwindo, ndipo m'paipi yako limaona. Poyamba inali ngati theka la batani. Kenako tsiku ndi tsiku inayamba kudyeka mbali imodzi. Pofika pakati pa Ramadani, mwezi weniweni uli wathunthu kum'mawa, iyo inali itamera kale nyanga kumadzulo. Ndinaiona madzulo makumi anayi. Dzina lake la m'buku sindimalidziwa, koma munthu amene wafuna mwezi zaka makumi atatu ndi chimodzi amadziwa kuti mwezi sukhala malo amodzi masabata asanu ndi limodzi. Sindinauze munthu chifukwa ndimaikonda. Papita zaka zitatu ndisanaone chinthu chakuthwa m'mbali. Nkhope za zidzukulu zanga ndimaziona ngati zili m'madzi a mpunga. Koma kanthu kameneko ndimakaona bwinobwino, mpaka nsonga zake.

Pa 22 paja ndinafuna mwezi pamene umayenera kukhala, sindinaupeze. Mtima unandiwawa, ndiye ndinatembenuzira paipi kwa mnzanga uja kuti ndingopumira. M'pamene Che Amini anati ndipatuke. Ndinapatuka. Atafuula, mawu anali pakamwa panga, akuti iyayi, imeneyo ndi nyenyezi. Ndinati ndinena akadzuka wachiwiri. Wachiwiri atadzuka anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinati ndinena akatha wachisanu. Yasini atanena zoona anthu n'kumuseka, ndinamva bwino m'mimba, ngati ndamwa tiyi. Atandinyamula ndinaona kuti kumwambako n'kovuta kulankhulirako. Usiku ndinati ndikagogoda kwa Ashehe. Ndinafika pa mpanda wawo, ndinamva akazi akusenda anyezi akutchula dzina langa, ndinabwerera.

Izi ndi zimene ndinakanena ku komiti. Sanandichotse iwo. Che Amini anafuna kuti tinene kuti zalakwika ndi makina a mwana wa kutauni, nkhani ithere pamenepo, ine ndipitirize chaka china. Zinali zophweka, iwe uli kutali ndipo nyimbo anakuimba kale. Ndinakana. Ndinapita kwa Yasini kukapepesa pakhomo pake, pamaso pa mkazi wake. Anandipatsa mpando ndi usipa wouma wa m'thumba. Ndi munthu wabwino, zimene zikundinyansa kwambiri.

Tatu sakudziwa. Ndimuuza ndekha kalata ino ikanyamuka, chifukwa analira pachitunda paja ndipo misozi imeneyo ndinaiba.

Iwe kuyambira uli mwana umafuna chilichonse chikhale chako, mayankho onse a m'kalasi, mawu omaliza pa chakudya. Tsopano ukufunanso tchimo langa, ndipo walikonzera kale zojambula. Ntchito ndapereka, singano ndinapereka kale kwa Tatu. Ichi chokha n'chimene ndinachita ndekha, ndi nzeru zanga zonse, ndikuona bwino. Undisiyire.

Mwendo ukachira bwera udzatione, wopanda tochi.

Bambo ako,
Omari